Galu Akauwa Usiku: Nambala ya CEA Ikakwera

 

Lero mu pulogalamu yathu ya zaumoyo pawailesi ndikufuna kucheza ndi anthu amene nthawi zambiri timawaiwala tikamakamba za khansa. Ndikunena amene anadwala khansa ya m'matumbo, anachitidwa opaleshoni, ena analandiranso mankhwala aja timati kemo, ndipo pano ali kunyumba. Achibale anasangalala, kutchalitchi kapena kumzikiti anthu anathokoza Mulungu, munthu anabwerera kumunda kapena kuntchito. Koma pakapita miyezi ingapo amabwerera kuchipatala kukatengedwa magazi. Ndiye tsiku lina papepala la zotsatira paoneka nambala yokulirapo kuposa ya ulendo watha. Munthu amakwera minibasi kubwerera kwawo atapinda kapepalako m'thumba, njira yonse osalankhula ndi aliyense. Usiku umenewo tulo sitibwera.

Ngati zimenezi zakuchitikirani inuyo, kapena amuna anu, akazi anu, mayi anu, musachoke pafupi ndi wailesi. Mfundo yanga lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo: nambala imodzi yokwera sikutanthauza kuti khansa yabwerera. Ikutanthauza kuti pakufunika kuyang'ananso. Tiyamba ndi kuona chimene amayeza m'magazimo. Kenako tiona zinthu zina zimene zimakweza nambalayo popanda khansa, zimene adokotala amachita ikakwera, ndipo pomaliza tikambirana za mantha enieniwo, chifukwa nawo ndi matenda paokha.

Tiyambe ndi dzina. Mukayang'ana papepala lanu mupezapo zilembo zitatu, C, E ndi A. Madokotala amangoti CEA. Ndi kachinthu kamene thupi limapanga lokha, ka m'gulu la mapuloteni. Mwana akadali m'mimba mwa mayi ake, matumbo ake amapanga CEA yambiri. Akabadwa, kapangidwe kake kamatsika kwambiri, moti mwa munthu wamkulu wabwinobwino imangotsala yochepa zedi m'magazi. Mvetsani bwino pamenepa: ine ndili nayo, inunso muli nayo, ngakhale amene sanadwalepo khansa ali nayo. Papepala sipangalembedwe kuti palibiretu.

Anaitulukira ndi madokotala awiri a ku Montreal m'dziko la Canada, a Phil Gold ndi a Samuel Freedman, m'chaka cha 1965. Iwo anaona kuti zotupa za khansa ya m'matumbo zimapanga kachinthu komwe kaja kamene matumbo a mwana wosabadwa amapanga. Poyamba anthu anayembekeza kuti papezeka njira yodziwira khansa mwa aliyense pongoyeza magazi. Patapita zaka zinadziwika kuti sizingatheke, chifukwa CEA imakwera pa zifukwa zambiri, ndiponso zotupa zina siziipanga n'komwe. Ntchito imene inatsalira CEA, imene ikugwirabe mpaka lero, ndi yolondera munthu amene walandira kale chithandizo. Chotupa chikachotsedwa, nambala imene inali yokwera imatsika pang'onopang'ono, kawirikawiri m'kati mwa mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka. Kuyambira pamenepo adokotala amaiyang'ana nthawi ndi nthawi kuti aone ngati yayambanso kukwera.

Ine ndimakonda kuiyerekeza ndi galu wa pakhomo. Ambirife tinakulira pakhomo pamene panali galu. Usiku akauwa, mwini nyumba amadzuka n'kutchera khutu. Nthawi zina kumakhaladi kuli wakuba pakhola la mbuzi. Koma inunso mukudziwa kuti galu amauwa mphaka, amauwa fisi wodutsa patali, amauwa woledzera amene akubwerera kwawo, ndipo nthawi zina amangouwa poyankha agalu anzake. Munthu wanzeru sayamba kulira maliro a mbuzi zake asanatuluke. Koma sangofundanso bulangete n'kunena kuti ndi mphaka chabe. Amatenga tochi, n'kukaunika kukhola. CEA ndi galu ameneyo. Imauwa, koma sikuuzani chimene yaona. Tochi ali ndi adokotala.

Tsopano tibwere ku zinthu zimene zimachititsa galuyu kuuwa popanda wakuba. Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri sauzidwa zimenezi.

Choyamba ndi fodya. Munthu wosuta amakhala ndi CEA yokwererapo kuposa wosasuta, ngakhale alibe khansa iliyonse. Nkhaniyi ndi yodziwika kwambiri moti malabotale ena amalemba malire awiri, a osuta ndi a osasuta. Kaya ndi ndudu za m'sitolo, kaya ndi chingambwe chopichira m'pepala, utsi ndi utsi. Ndiye taganizirani bambo amene anasiya kusuta panthawi ya opaleshoni, nambala yake n'kutsika, koma atapeza bwino wayambiranso mobisa. Akapita kukayezetsa, nambala yakwera. Adokotala akafunsa ngati akusuta, bamboyo chifukwa cha manyazi akukana, makamaka poti mayi a kunyumba akhala pambali. Bodza laling'ono limeneli likhoza kuwadyera ndalama za sikani ndi masabata a nkhawa. Bambo, auzeni adokotala zoona. Iwo sali pamenepo kuti akuweruzeni, akufuna adziwe mmene angawerengere nambalayo.

Chachiwiri ndi chiwindi. Chiwindi ndicho chimasefa CEA kuichotsa m'magazi. Chikafooka, kusefako kumachepa, ndipo nambala imakwera. Kuno kwathu anthu ambiri ali ndi kachilombo kotupitsa chiwindi, kamene kuchipatala amati hepatitis B, ndipo ena sadziwa n'komwe kuti ali nako. Mowa nawo, makamaka kachasu ndi mowa wina waukali, umawononga chiwindi pang'onopang'ono. Palinso mankhwala ena a zitsamba amene amalemetsa chiwindi, ndipo ndibwereranso pa nkhani imeneyi.

Kutupa kwa m'matumbo kosakhudzana ndi khansa kumakwezanso nambalayi. Chimodzimodzi matenda a m'mapapo, monga chibayo kapena chifuwa chokhalitsa cha anthu osuta. Matenda a shuga osasamalidwa bwino akhoza kuikweza pang'ono, komanso chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka. Kwa amene adakali pa kemo, nambala nthawi zina imakwera kwa kanthawi mankhwalawo ali m'kati mogwira ntchito, kenako n'kutsikanso.

Chinanso chimene anthu sachiganizira ndi labotale yeniyeniyo. Makina oyezera magazi ndi osiyanasiyana, ndipo magazi a munthu mmodzi, a tsiku limodzi, akayezedwa m'malabotale awiri akhoza kupereka manambala osiyana. Zili ngati sikelo za pamsika. Thumba lomwelo la chimanga mukaliyeza kwa wogula uyu ndi kwa wogula uyo, simupeza kulemera kofanana ndendende. Ndiye ngati ulendo watha munayezetsa pachipatala cha boma, ulendo uno mwayezetsa kulabotale yolipira m'tauni, kusiyana kwa manambalawo mwina kwachokera ku makina, osati m'mimba mwanu. N'chifukwa chake ndi bwino kumayezetsa pamalo amodzimodzi ngati n'kotheka. Malabotale ambiri amaika malire awo pa 5, ena pa 3, ndipo malirewo amalembedwa papepala lomwelo pambali pa nambala yanu. Musayerekeze nambala yanu ndi ya mnzanu amene anayezetsa kwina.

Mwina wina akufunsa kuti, kodi zimenezi zimachitika kawirikawiri, kapena mukungotitonthoza? Funso labwino. Pachipatala china chachikulu cha khansa ku New York, chotchedwa Memorial Sloan Kettering, madokotala anafufuza m'mabuku a anthu mazana angapo amene CEA yawo inakwera atachitidwa kale opaleshoni ya khansa ya m'matumbo. Zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Anapeza kuti pafupifupi theka la anthuwo analibe khansa yobwerera. Pa anthu awiri alionse amene galu anauwa, mmodzi kunalibe wakuba. Ambiri mwa amenewa nambala yawo inali itangodutsa malire pang'ono.

Koma sindingakhale mnzanu weniweni ngati ndingathere pomwepo. Theka linalo khansa inalipodi. Ndipo kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti nambala ikakwera kwambiri, kuposa malire kambirimbiri, mwayi woti n'zachabechabe umachepa. N'chifukwa chake sindikunena kuti nambala yokwera muinyalanyaze. Ndikunena kuti nambala imodzi si chigamulo, ndi chifukwa chobwererera kwa adokotala.

Kwa inu amene mwangotsegula wailesi, tikukambirana za nkhawa imene imabwera nambala ya CEA ikakwera mwa munthu amene analandira chithandizo cha khansa ya m'matumbo. Taona kuti fodya, chiwindi, matenda a m'mapapo ngakhalenso kusiyana kwa makina zikhoza kuikweza. Tsopano tione zimene adokotala amachita.

Kawirikawiri nambala ikangokwera pang'ono, chinthu choyamba ndi kuyezanso pakapita masabata angapo. Odwala ambiri sakondwa akamva zimenezi. Amaona ngati adokotala sakuwalabadira, ngati akungowabweza. Ayi. Chimene adokotala akufuna kuona ndi kumene nambalayo ikulowera. Mlimi sadziwa kuti mtsinje ukusefukira pongouyang'ana kamodzi. Amazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, n'kubweranso mawa ndi mkuja kudzaona ngati madzi akwera kapena aphwa. Nambala imene yakwera lero, ulendo wotsatira n'kutsika, kenako n'kukwerako pang'ono, ikungoyendayenda pamalo amodzi, nthawi zambiri siikhala ya khansa. Imene imadetsa nkhawa ndi yokwera ulendo uliwonse osabwerera m'mbuyo. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masabata odikirawo ndi mbali ya kuyeza komweko.

Ikapitirira kukwera, kapena ngati yakwera kwambiri nthawi imodzi, adokotala amatenga tochi uja. Amalamula sikani ya CT yoona pachifuwa, m'mimba ndi m'chiuno. Amayang'anitsitsa chiwindi ndi mapapo, chifukwa khansa ya m'matumbo ikabwerera imakonda kupita m'malo awiri amenewa, kapena pafupi ndi pamene panali chotupa choyamba. Akhozanso kuunika m'matumbo momwemo ndi kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kunsonga, kamene amalowetsa kudzera kotulukira chimbudzi. Ambiri mwa inu munachitidwapo kale zimenezi ndipo mukukumbukira mankhwala aja otsuka m'mimba usiku wonse. N'zosasangalatsa, koma zimaonetsa zinthu zimene magazi sangaonetse.

Nthawi zina sikani imatuluka yoyera koma nambala ikadali yokwera. Apa mpamene anthu ambiri amazunguzika, amati ndiye ndikhulupirire chiti? Zikatere adokotala amapitiriza kukuyang'anirani pafupipafupi, n'kubwereza magazi ndi sikani pakapita miyezi ingapo. Kawirikawiri sayambitsa kemo chifukwa cha nambala yokha, popanda kuona chotupa. Kemo ndi mankhwala aukali, ndipo munthu salandira mankhwala aukali chifukwa choti galu wauwa basi.

Tsopano ndifike pa funso limene lili mumtima mwa aliyense: nanga ikapezeka kuti yabwereradi? Anthu ambiri amaganiza kuti khansa yobwerera ndiye kuti basi kwatha. Pa khansa ya m'matumbo sizili choncho nthawi zonse. Chotupa chaching'ono chopezeka msanga pachiwindi kapena m'mapapo nthawi zina chimachotsedwa ndi opaleshoni, ndipo alipo anthu amene achira ulendo wachiwiri n'kukhala zaka zambiri. Pamene opaleshoni siingatheke, mankhwala akhoza kuchepetsa liwiro la matendawo ndi kuchotsa ululu. Ku England kunachitika kafukufuku wa anthu oposa 1,200 amene anachitidwa opaleshoni ya khansa imeneyi. Anapeza kuti mwa amene ankayezedwa CEA kapena kujambulidwa pa sikani nthawi ndi nthawi, khansa yobwerera inkapezeka ikadali yotheka kuichotsa mowirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi amene sankayang'aniridwa motero. Cholinga chenicheni cha kuyeza magaziku n'chimenechi, kupeza vuto likadali laling'ono.

N'chifukwa chake mtima wanga umawawa ndikamva za munthu amene wasiya kupita kukayezetsa chifukwa choopa zotsatira. Ndikumvetsa, amati bola osadziwa. Koma kumeneko n'kumanga galu pakamwa kuti mugone bwino. Nthawi imene khansa ya m'matumbo imakonda kubwerera ndi zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira munthu atachitidwa opaleshoni. N'chifukwa chake m'zaka zimenezi amakuitanani pafupipafupi, miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, kenako n'kumatalikitsa. Pakatha zaka 5 zonse zili bwino, mwayi woti ibwerere umakhala utachepa kwambiri. Chaka chilichonse chimene mwadutsa bwino chikukuikani pabwino kuposa chapitacho.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene sindikufuna kuidumpha. Alipo akuba amene amalowa galu osauwa. Zotupa zina sizipanga CEA, moti munthu akhoza kukhala ndi nambala yabwinobwino khansa itabwerera. Ndiye funsani adokotala anu kuti nambala yanu inali bwanji musanachitidwe opaleshoni. Ngati inali yokwera n'kutsika chotupa chitachotsedwa, ndiye kuti kwa inuyo ndi mlonda wodalirikako. Ngati sinakwerepo ngakhale pamene chotupa chinalipo, adokotala adzadalira kwambiri sikani ndi zimene thupi lanu likunena.

Ndipo thupi limanena. Mukaona magazi m'chimbudzi, kapena m'kathumba ka pamimba kwa inu amene muli nako, musadikire tsiku limene anakulemberani. Chimodzimodzi ngati kachitidwe kanu ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo, ngati mukuonda popanda chifukwa, ngati m'mimba mukupweteka osasiya, ngati maso ayamba chikasu, kapena ngati mukutsokomola ndi kubanika kwa nthawi yaitali. Pitani kuchipatala ngakhale pepala la magazi likunena kuti zonse zili bwino. Ndipo ngati mimba yatupa, mukusanza, chimbudzi ndi mpweya sizikutuluka, imeneyo ndi ngozi. Pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Ndikupatseni zochita zingapo zosavuta. Nonse muli ndi kabuku kaja ka kuchipatala. Patulani tsamba limodzi lakumapeto. Ulendo uliwonse mukayezetsa, lembani tsiku, nambala, ndi malo amene mwayezetsera. Ngati kulemba kumakuvutani, pemphani anamwino kapena mdzukulu wanu akulembereni. Lembaninso ngati panthawiyo munali ndi chifuwa, malungo kapena kutsegula m'mimba. Tsamba limeneli ndi lamtengo wapatali, chifukwa si nthawi zonse pamene mudzapeze dokotala yemweyo, ndipo amene mwamupezayo akaona manambala onse ali mumzere amadziwa mwamsanga kumene akulowera. Pepala limodzi lokha silimuuza zambiri.

Popita kukamva zotsatira musapite nokha. Munthu akangomva mawu akuti yakwera, makutu amatsekeka, zonse zimene adokotala anena pambuyo pake samazimvanso. Wokuperekezaniyo ndiye adzagwire zotsalazo. Ndipo funsani mafunso, si mwano. Mukhoza kunena kuti, adokotala, yakwera bwanji poyerekeza ndi ulendo watha? Pali chinthu china chimene chingaikweze mwa ine? Tiyezanso liti? Ikakweranso tidzatani? Ndikudziwa kuti ambirife tinaleredwa kuti pamaso pa dokotala timangoti chabwino, zikomo, n'kutuluka. Ulemu ndi wabwino, koma mukhoza kufunsa mwaulemu. Munthu wotuluka m'chipinda cha adokotala akudziwa tsiku lobwerera ndi chifukwa chake amagona bwinoko kuposa amene watuluka ndi nambala yokha.

Sindikuiwala za ulendo. Chithandizo cha khansa chimapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi kumalo a khansa amene ali pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa munthu wochokera ku Nsanje, ku Chitipa kapena ku Mangochi, mawu akuti mubwerenso mwezi wamawa amatanthauza kugulitsa nkhuku kapena kukongola ndalama ya basi. Ngati ndi choncho, nenani poyera kwa adokotala kapena anamwino. Funsani ngati magazi ndi zoyeza zina zingachitike tsiku limodzi, komanso ngati pali njira yomvera zotsatira popanda kuyenda ulendo wina. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musangosowa osanena kanthu. Inu achibale, ndalama ya ulendo umenewu ndi yofunika mofanana ndi imene munasonkha panthawi ya opaleshoni.

Ndinalonjeza kuti ndibwerera ku zitsamba. Nthawi ya mantha ndi imene amalonda a mankhwala amapezerapo mwayi. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pali anthu ogulitsa mabotolo amene amati amatsuka magazi ndi kutsitsa manambala a khansa. Palibe chakumwa chimene chimatsuka CEA. Choopsa n'chakuti zina mwa zosakanizazi zimavulaza chiwindi, ndipo paja tanena kuti chiwindi chikavulala nambala imakwera. Munthu amamwa kuti nambala itsike, iyo n'kukwera, iye n'kuwonjezera mlingo. Ngati mukumwa chilichonse chimene simunalandire kuchipatala, tengani botololo mukawaonetse adokotala.

Tsopano tikambe za mantha. Ine sindidzamuuza munthu amene anadwalapo khansa kuti asaope. Anaona zimene ena sitinaone. Anagona pa tebulo la opaleshoni, anasanza ndi kemo, anaona ana ake akumuyang'ana ndi maso a mantha. Munthu wotere akaona nambala yakwera, mtima kugunda n'chinthu chachibadwa. Ambiri amayamba kusowa tulo sabata yathunthu tsiku loyezetsa lisanafike, ndipo kupweteka kulikonse kwa m'mimba amakumva ngati khansa. Kumeneku si kuchepa chikhulupiriro kapena kufooka mtima.

Chimene chimathandiza ndi kusasenza nokha. Pezani munthu mmodzi amene mungamuuze mmene mukumvera popanda iye kukudulani mawu. Akhoza kukhala akazi anu, mchemwali wanu, abusa, shehe, kapena mnzanu amene munadziwana naye pamzere wa kuchipatala. Amene anadutsamo amamva msanga. Chinanso, masiku odikirawo musawasiye opanda kanthu. Pitani kudimba, pitani kukwaya, yendani pang'ono m'mawa. Maganizo oipa amakonda munthu amene wangokhala. Ndipo inu amene muli ndi foni za intaneti, samalani ndi kufufuza nambala yanu pakati pa usiku. Mudzapeza nkhani za anthu amene matenda awo, msinkhu wawo ndi chithandizo chawo n'zosiyana ndi zanu, ndipo zimene zimakhala m'mutu ndi zoopsa zokhazokha. Koma ngati nkhawayo yafika poti simukudya, simukugona kwa masabata, kapena mukuona ngati moyo ulibenso phindu, auzeni a chipatala. Imeneyonso ndi ntchito yawo.

Inu a pabanja, ndili ndi mawu anu. Mayi akabwera kuchipatala n'kunena kuti nambala yakwera, musayambe kunong'onezana kuseri kwa nyumba. Iwo amaona, ndipo kunong'onako kumawauza kuti mwawataya kale. Musathamangirenso kufufuza amene wawalodza, chifukwa pamenepo mudzadana ndi abale pa nambala imene mwina itsika mwezi wamawa. Ndipo mawu aja akuti musadandaule, ngakhale amachoka pamtima wabwino, nthawi zambiri amatseka pakamwa pa wodwala. Yesani kunena kuti, mayi, adokotala anati tibwerere liti? Ndidzakuperekezani ine. Mawu amenewa amagwira mtima kuposa chitonthozo chambirimbiri.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, ndiye ndikusiyireni funso loti muliganizire usiku uno. Kodi tsiku lanu lokayezetsa, kapena la m'bale wanu, ndi liti? Kodi mwina linadutsa kale, ndipo kabuku kaja kali pansi pa sutikesi chifukwa mukuopa zimene akakuuzeni? Kapena muli ndi kapepala kopindidwa m'thumba la jekete, kamene simunaonetse aliyense? Katulutseni. Kaonetseni munthu mmodzi wa pakhomo panu lero lomwe, mumuuze kuti nambala yakwera ndipo pakufunika kukayezanso, ndipo mugwirizane tsiku lopita limodzi kwa adokotala.